Za LibreOffice ya malume ija

Eee malume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mu minibasi, phokoso lake simukanamva kanthu. Ndamva zoti mukufuna kuika LibreOffice, pulogalamu yolembera ija, mu laputopu ya kusukulu ija kuti muzilembera mayeso, koma netiweki ikungodukaduka, mabandulo awiri atha palibe chachitika. Chithunzi mwatumizacho ndachiona, ndipo vuto lili pomwepo.

Taonani dzina la fayilo mumakokayo, likuthera ndi tar.xz. Imeneyo ndi source code, malume. Ndi ufa umenewo, si nsima ayi. Ndi zolemba za akatswiri opanga pulogalamuyo, ndipo kuti zisanduke pulogalamu pamafunika kompyuta yamphamvu igwire ntchito maola ambirimbiri, komanso pokonzapo imafunanso zinthu zina za pa intaneti. Ngakhale ikanamaliza bwinobwino simukanaitsegula. Inu mukufuna yophikaphika. Ya Windows dzina lake limathera ndi msi, kukula kwake ndi ma MB pafupifupi 350. Imeneyo ndi yathunthu. Ikangolowa mu fulashi basi, mutha kuika m'makompyuta onse a pasukulupo popanda netiweki ngakhale pang'ono, ndipo ndi yaulere, palibe zolipira laisensi.

Pali kenanso kamene kamapusitsa anthu, ndikuuziretu. Mapulogalamu ena ngati Chrome amakupatsa kafayilo kakang'ono, kamatha mu mphindi imodzi, iwe n'kumati zatheka. Ayi ndithu. Kameneko ndi kamthenga chabe, ukakatsegula m'pamene kamayamba kukoka zenizenizo pa intaneti. Kumudzi kumeneko kangokusiyani panjira. Muziyang'ana mawu akuti offline installer kapena standalone.

Tsopano za kudukaduka. Tiyerekeze kuti foni yanu ikukoka ma KB 100 pa sekondi, ndiye kuti ma MB 350 aja ndi pafupifupi ola lathunthu netiweki isanaphethire. Kwanuko sizingatheke, ndikudziwa, paja kuti muimbe foni mumakwera pachulu paja. Ndiye yambani mwaika kapulogalamu kotchedwa Free Download Manager. Ikaduka pa 60 peresenti, kamadikira, netiweki ikabwera kamapitiriza pomwepo, osayambiranso. Ine zinandichitikirapo ndili ku koleji, fayilo inadukira pa 97 peresenti magetsi atazima, ndinangokhala chete ngati pamaliro. Njira ina ndi torrent, tsamba la LibreOffice lomwelo limapereka, musaope kuti ndi zakuba. Imakoka tizidutswatizidutswa n'kumaona yokha ngati kachidutswa kalikonse kafika kabwinobwino.

Kokani usiku anthu atagona, ndipo laputopu ndi foni zikhale zodzadza moto. Bandulo ikhale ya intaneti yonse, ya WhatsApp ija siigwira pamenepa. Komanso ichi n'chofunika kwambiri, mwina n'chimene chakudyerani ndalama: mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows imayamba kudzikokera ma update ake mwakachetechete. Ngati ili Windows 10 kapena 11, lowani pa Settings, pa Wi-Fi, mutsegule pamene alemba metered connection. Mukatero imachepetsa kwambiri umbava umenewo.

Ikamaliza musathamangire kutsegula. Yerekezani kukula kwa fayilo yanu ndi kumene alemba patsambapo. Ngati yanu ili ma MB 200, ndiye kuti ndi yoduka, idzangokulemberani error. Palinso manambala aatali otchedwa SHA-256 otsimikizira kuti fayilo ndi yeniyeni, koma zimenezo ndidzakuonetsani pamaso, pafoni tingangosokonezana.

Aaa, ndikanaiwala. Laputopu imene ija ndi yakale ndithu, mwina ili ndi Windows 7. Ngati ndi choncho LibreOffice yatsopano ikana, pafunika yakaleko pang'ono, ndipo Chrome yomaliza kugwira pa Windows 7 ndi 109. Dinani kumanja pa Computer kapena This PC, musankhe Properties, mujambule zimene zitulukezo munditumizire. Ndikufuna ndione Windows yake, komanso ngati ili 32-bit kapena 64-bit.

Koma kunena zoona malume, ine ndikuona kuti musavutike nazo zonsezi. Kuntchito kuno tili ndi Wi-Fi, ndi nkhani ya mphindi zisanu. Mukangotumiza chithunzicho ndikokera mawa n'kuika mu fulashi, ndiikemonso VLC yoonetsera ana mavidiyo, ndipatsire kondakitala wa minibasi Loweruka, mukalandire pa siteji. Fulashi ndi yanga, ndiye ibwerere, chifukwa ija ndinabwereka achimwene chaka chatha mpaka lero ili zii, ndipo ndikudziwa akumvera uthengawu. Ikafika musaibayike m'makompyuta a pa trading center aja, idzabwera ndi mavairasi. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze mtedza uja unafika.