Mwaika matayala akuluakulu, ndiye sipido yayamba kunama

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a kuno ku Mangochi. Akuti ka Vitz kawo kanabwera ndi matayala a 175/65 R14 koma atatopa nako kukhula pansi pa mahampu ndi m'maenje anagula marimu a 15 nkuikamo 195/65 R15. Pano akamapita ku Monkey Bay muvi wa sipido (koloko yoonetsa liwiro) ukaloza pa 80 GPS ya pa foni ikumati 84, ndiye akufunsa kuti wabodza ndani, foni kapena galimoto, nanga zimakonzeka?

Achimwene, foni yanu ikunena zoona. Galimoto siidziwa liwiro lake ayi, imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati basi, nkuchulukitsa ndi kukula kwa tayala lomwe a ku fakitale anaiuza. Inu mwasintha tayala koma galimotoyo simunaiuze, ikuonabe ngati yavala nsapato zakale zija.

Tiyeni tiwerenge limodzi, tengani foni yomweyo. Pa 175/65 R14 paja, 175 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 65 ndi maperesenti a 175 yo omwe akupereka msinkhu wa mphira kuchoka pa rimu kufika pansi, pomwe 14 ndi rimu m'mainchi. Mukaphatikiza rimu ndi mphira wa pamwamba ndi wa pansi tayala lonse limakwana mamilimita 583. Latsopanoli likukwana 634 ndi theka. Ndiye kuti likazungulira kamodzi lakale limayenda mita 1.83, latsopano pafupifupi mamita awiri, kusiyana masentimita 16 okha, mwina mukuti nzochepa koma tayala limazungulira koposa ka 500 pa kilomita imodzi ndiye zimaunjikana. Mwachidule mukuthamanga ndi maperesenti pafupifupi 9 kuposa kale. Ndipo chonsecho galimoto yangokwera ndi masentimita awiri ndi theka basi, poti chimakweza galimoto ndi theka chabe la kusiyana kuja.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji foni ikuti 84 pamene masamuwa akupereka 87. Nchifukwa choti opanga magalimoto amaika dala sipido yowonjezera pang'ono, muvi ukati 80 nthawi zambiri mumakhala muli cha m'ma 76 kapena 77. Kampata kameneko ndi komwe kamakutetezani osadziwa, pano matayala atsopano akadya konse nkupitirira. Apa mpomwe pamandidetsa nkhawa ine. Mukudziwa nokha mmene msewu wathu umakhalira pa matrading centre, akabaza, ana asukulu, mbuzi, amayi a nsomba m'mbali mwa tala momwemo. Munthu ukaona chikwangwani cha 50 nkuika muvi pa 55 poganiza kuti sipido imanamizira, uli pafupi ndi 60 weniweni, komanso tayala lalikulu ndi lolemera, mabuleki amagwira ntchito yambiri kuti aliimitse. Kamera ya apolisi nayo siifunsa saizi ya tayala lanu.

Chinanso makilomita akuwerengeka ochepa. Dashibodi ikalemba 100 mwayenda pafupifupi 109, ndiye sevisi yomwe mumapanga pa 5,000 mudzakhala mukuipanga mutadutsa 5,400. Mafutanso mukamawerengera pa lita ziziwoneka ngati galimoto yayamba kumwa kwambiri kuposa mmene ikumweradi.

Tsono kukonza kwake. Yambani mwayeza bwinobwino, osadalira ulendo umodzi. Pezani pamsewu powongoka popanda anthu, mnzanu agwire foni yokhala ndi GPS inu maso pamsewu, gwirani muvi pa 40 kwa kanthawi osakweza osatsitsa iye alembe, kenako 60, kenako 80. GPS imachedwa pang'ono liwiro likamasintha ndiye musayezere pa mapiri okwera ku Namwera, makona aja akupatsani manambala osokonekera.

Magalimoto akalekale omwe muvi wake umayendetsedwa ndi kebulo amakonzedwa posintha kagiya kakang'ono ka pulasitiki komwe kamakhala pa giyabokosi, tayala likakula mumaika ka mano ochepa kuti kebulo izizungulira msanga. Anu si otero. Amakono amawerenga ndi sensa, ena ili pa giyabokosi ena amatenga ku masensa a kumatayala a ABS, chipangizo chija choletsa matayala kuloka mukaponda buleki. Ngati ndi ya pa giyabokosi pali kabokosi komwe amalumikiza pa waya wa sensayo, mumakauza maperesenti nkumakonza ma signal asanafike ku dashibodi, ndipo kamakonza muvi ndi makilomita omwe. Ngati ikutenga ku ABS ndiye pamafunika auto electrician wa kompyuta aone ngati galimotoyo imalola kusintha saizi ya tayala kudzera pa OBD, soketi ija yolumikizirapo kompyuta, magalimoto ang'onoang'ono ambiri salola. Chonde musalole munthu kutsegula dashibodi nkuzula muvi kuti ausunthe ndi chala. Vuto lanu ndi la maperesenti, limakula liwiro likamakula, akaukhazika bwino pa 80 uzinama pa 40, ndipo makilomita akhalabe olakwika.

Ine nditakhala inu? Ogulitsa matayala ambiri amalangiza kuti kusiyana kusapitirire maperesenti 3, inu muli pa 9, kwa ka Vitz nzambiri zimenezo. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto muone ngati sakukhula mkati, makamaka mutanyamula anthu kumbuyo. Marimu a 15 wo asungeni, koma matayalawa akatha mudzagule 185/60 R15, amakwana 603, kusiyana ndi akale maperesenti atatu ndi katheka, kungopitirira pang'ono malire aja, galimoto ikhalabe yokwererako sentimita imodzi. A 185/55 R15 amafanana pafupifupi ndendende ndi akale koma mphira wake ndi wochepa, dzenje limodzi rimu yapindika.

Pakadali pano tengani ka masking tape mumate pa dashibodi pomwe maso amafika, mulembepo manambala omwe mnzanu uja wapeza, makamaka pomwe muvi uyenera kukhala kuti mukhale pa 50 weniweni. Mukayeza munditumizire manambalawo ndi chaka cha galimotoyo ndikuuzeni ngati kabokosi kaja kangagwire.