Achemwali, simunaume mtima, mwatopa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino wina wa ku wodi ya ana. Akuti amagwira naiti yekha wodi itadzaza mpaka ena kugona pansi, ndiye masiku ano mwana akamwalira sakumvanso kanthu, amangolemba mu failo nkupita pa bedi lina, akafika kunyumba tulo osabwera, ana ake akamuyandikira amangowazazira. Funso lake nlakuti kodi ndauma mtima, ndingosiya ntchitoyi?

Achemwali, munthu wouma mtima sakhala pansi usiku kulemba imelo ngati imeneyi. Zomwe mukumvazo zili ndi dzina, amati burnout, ndipo WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, inazilemba mu ICD-11, buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo, mu 2019 kuti ndi vuto lobwera chifukwa cha ntchito. Zizindikiro zake zilipo zitatu, kutheratu mphamvu, kuyamba kuiona ntchito ngati siikukhudzani, ndi kumadziona ngati palibe chomwe mukuphula. Zonsezi mwazitchula nokha.

Chomwe chimandiwawa nchakuti anamwino timangowauza kuti limbani mtima, pempherani. Pemphero ndi labwino inde koma munthu amene anadutsa mu covid, kenako kolera ya 2022 mpaka 2023, kenako namondwe wa Freddy, palibe amene anamukhazika pansi nkumufunsa kuti nanga iwe ukupeza bwanji. Gadiyani amalira nkupita kwawo kukakhuza maliro ndi abale, namwino amasintha nsalu pa bedi lomwelo nkugonekapo mwana wina.

Yambani ndi ma lokamu, mashifiti owonjezera aja olipidwa omwe mumagwira pa ofu. Ndikudziwa ndalama ikuvuta, koma ofu iliyonse mukaigulitsa thupi lidzakusiyitsani lokha. Sungani tsiku limodzi logona basi. Kenako kambiranani ndi in-charge, mkulu wa wodi yanu, kuti pakachitika imfa yowawa muzikhala pansi ngakhale mphindi 15 musanaweruke, aliyense anene zomwe zamukhudza, osati kufufuzana kuti walakwitsa ndani.

Ngati kusagonako kwapitirira milungu ingapo, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka, musadikire. Onanani ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala chanu, ndipo ngati mukuopa kuti anzanu amva, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu. Nkhani ya kuchepa kwa anthu pa shifiti siyanu nokha, ipititseni ku NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, mogwirizana ndi anzanu.

Za kusiya ntchitozo musagamule sabata ya naiti. Tengani kaye tchuthi chanu, mugone, mundilemberenso.