Kodi ku Hell's Kitchen ophika amapikisanadi?

Mayi wina amene amakhala ku Indiana, m'dziko la America, wandilembera imelo. Iye ndi bambo akunyumba amakonda kuonera Hell's Kitchen, pulogalamu ya pa TV ija katswiri wophika wa ku Britain, Gordon Ramsay, amakalipira ophika mpaka ena kugwetsa misozi. Mwezi wamawa akupita ku Las Vegas kukakondwerera tsiku lobadwa la bambowo, ndipo amva kuti kumeneko kuli lesitilanti ya dzina lomweli. Akufunsa ngati akaone magulu awiri akulimbana monga pa TV, ngati odya amavota, komanso ngati kudyako n'koyenera ndalama zake.

Achemwali, mpikisano kulibe, kuvota kulibenso. Ndayambira pamenepa kuti bambo asakakhale maso ali pakhitchini usiku wonse kudikira mbale yoti iphwanyidwe.

Malowo ali ku hotela ya Caesars Palace, m'mphepete mwa msewu waukulu uja amati Strip, ndipo anatsegulidwa mu Januwale 2018. Pulogalamuyo ndi yakale kuposa pamenepo: inayambira ku Britain mu 2004, ya ku America n'kuyamba pa kanema wa Fox mu 2005. Lesitilantiyo anaimanga moti mukangolowa muziona ngati mwalowa mu TV. Pakhomo Ramsay amakulandirani ali pa sikirini, pakhoma pali zithunzi za amene anapambanapo, ndipo khitchini ndi yapoyera, mbali ina yofiira ina yabuluu. Mutha kuyesa ndi Maule ndi Manoma akumana pa Kamuzu Stadium, komatu onsewo ndi timu imodzi, bwana wawo ndi mmodzi.

Ndipo sizingatheke mwina. Pakhitchini yotere aliyense ali ndi chigawo chake: uyu nyama, uyo nsomba, wina ndiwo zamasamba ndi msuzi. Tebulo la anthu anayi likaitanitsa zakudya zinayi zosiyana, zonse ziyenera kupsa mphindi imodzi, wamkulu wa ophika aziyang'ane, kenako zinyamuke zikadali zotentha. Wa nsomba akafulumira pofuna kuposa wa nyama, nsombayo iuma podikira. Pa TV zikavuta Ramsay amatseka khitchini, alendo n'kubwerera ndi njala, oonera ife n'kumaseka. Malo olandira anthu pafupifupi 300 amene alipira ndalama zawo sangayerekeze zimenezo.

Pamene pali ubale weniweni ndi apa: Michelle Tribble, amene anapambana season 17 ya pulogalamuyo, mphoto yake inali kukhala mkulu wa ophika pa lesitilanti yomweyi itangotsegulidwa. Mwini wake Ramsay musamuwerengere. Ali ndi malo odyera ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, ndiye kumupeza atavala epuloni tsiku lanulo ungakhale mwayi wa lotale.

Tsono zakudya, poti ndi zimene mukalipire. Ndi zomwe zija ophika amalephera pa TV. Chotchuka ndi beef Wellington: nyama yofewa ya ng'ombe, yomatidwa bowa wosinja, n'kukulunga mu pesitale (mtanda wa ufa wa tirigu) wopyapyala. Imabwera itadulidwa pakati, kunja kuli khirikhiri, mkati muli pinki, pansi pali mbatatesi yopota bwino ndi msuzi wa vinyo wofiira. Pinkiyo ndi dala. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti nyama yofiira mkati ndi yosapsa, ndipo ngati bambo ali otero musawakakamize. Wellington siibwerera pamoto bwinobwino, chifukwa nyama isanapse mmene iwo akufunira pesitale amakhala atapserera. Aitanitse short rib, nthiti yophikidwa pang'onopang'ono mpaka kumangosupuka ndi foloko, kapena nsomba ya salmon. Poyambira pali scallops, tinkhono ta m'nyanja yamchere tokazinga mbali zonse, ndi risotto ya lobster, mpunga wophika mofewa mwa Chitaliyana. Musathawe musanadye sticky toffee pudding, keke yonyowa ya zipatso za kanjedza yothiridwa msuzi wotentha wa shuga, ayisikilimu pamwamba. Kwa ine imeneyi imaposa Wellington, koma ndi yotsekemera zedi, imodzi ikukwanani awiri.

Nkhani ya ndalama mukuidziwa kale poti mumakhala ku America konko, koma pamalo odula imapweteka mwapadera. Mtengo wa pa menyu ulibe msonkho, umene ku Las Vegas umapitirira pang'ono 8 peresenti, ulibenso tipi ya 18 mpaka 20 peresenti. Chakudya cha madola 200 chimathera cha m'ma 255. Chimene chimakweza bilu mwakachetechete ndi zakumwa, choncho woperekera akafunsa za madzi, nenani a pampopi, ndi aulere. Pali menyu ya zakudya zitatu pa mtengo umodzi, ndipo kwa munthu wopita koyamba ndi imene ndingasankhe.

N'koyenera kupita? Kwa anthu okonda pulogalamuyi ngati inu, inde, kamodzi. Mukadafuna malo abata oti muzinong'onezana ndikadakutumizani kwina, chifukwa muno mumakhala phokoso, anthu ali yakaliyakali kujambula ndi mafoni. Sungitsani malo lero lomwe, mwezi umodzi si nthawi yaitali kumeneko, makamaka Lachisanu ndi Loweruka. Posungitsa tchulani za tsiku lobadwalo, ndipo pemphani tebulo loyandikira khitchini. Ambiri amalimbirana a pawindo oyang'ana ku Strip, koma bambo anuwo akufuna kuona ophika.