Kafukufuku wa mayi wa ku Samariya: yankho kwa wophunzira ndi kwa mayi ake

Kalata yomwe ndikuyankha lero yalembedwa ndi anthu awiri pa pepala limodzi. Mtsikana wa chaka chomaliza pa maphunziro a zaumulungu ndi zipembedzo akufuna kulemba kafukufuku wake pa nkhani ya pa Yohane 4 ya mayi wa ku Samariya yemwe Yesu anacheza naye pa chitsime namuuza kuti anakhalapo ndi amuna asanu, ndipo mutu womwe wasankha ukunena kuti Ayuda ankapondereza akazi kufikira Yesu atabwera kudzawamasula. M'munsi mwake mayi ake awonjezera mizere itatu, kufunsa ngati maphunziro otere adzamupezetsa ntchito, popeza fizi ikuchokera m'geni yawo ya pamsika.

Ndiyamba ndi iwe, mwana wanga, chifukwa nkhani wasankhayi ndi yabwino koma mutu wako uli ndi yankho kale usanafufuze, ndipo aphunzitsi okuyesa adzaona zimenezi pa tsamba loyamba. Choyamba uyenera kudziwa kuti zambiri zomwe timamva za Asamariya zinalembedwa ndi anthu omwe sankawakonda. Pa 2 Mafumu 17 akufotokozedwa ngati alendo omwe mfumu ya Asuri inabweretsa Samariya atagwa cha m'ma 722 Khristu asanabadwe, pomwe eni akewo amati ndi Aisraeli enieni, zidzukulu za Efraimu ndi Manase, osunga chilamulo cha Mose. Malemba awo opatulika ndi mabuku asanu a Mose okha, ndipo m'malemba awowo muli lamulo loti guwa la nsembe limangidwe pa phiri la Gerizimu. Pa phiripo panali kachisi wawo, yemwe John Hyrcanus, wolamulira wa Ayuda, anamugwetsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 100 Khristu asanabadwe. Choncho pamene mayi uja akuti makolo ake ankapembedza m'phiri ili, sakuthawa nkhani ya amuna ake monga amanenera alaliki ena, koma akufunsa funso lalikulu koposa la mtundu wake, ataima m'tsinde mwa phiri lomwe pamwamba pake panali mabwinja a kachisiyo. Asamariya alipobe mpaka lero, anthu osakwana 1,000, ena pa Gerizimu pomwepo pafupi ndi Nablus, ena ku Holon pafupi ndi Tel Aviv.

Pa za amuna asanu aja ndikupempha kuti uwerenge mosamala zomwe zalembedwa, uzisiyanitse ndi zomwe tinazolowera kumva pa guwa. Yohane sakunena kuti mayiyu anali wachiwerewere, ndipo Yesu sakumuuza kuti aleke kuchimwa. M'masiku amenewo atsikana ankakwatiwa ali aang'ono, kawirikawiri kwa amuna owaposa msinkhu, kotero umasiye unali wosasowa. Kusudzula nako kunali kwambiri m'manja mwa mwamuna, ndipo Deuteronomo 25 amalamula kuti mbale wa womwalira wopanda mwana alowe m'nyumba ya wamasiyeyo. Iwe amene wakulira m'dziko lodziwa chokolo sungavutike kumvetsa momwe mkazi angadutsire m'maukwati angapo popanda iye kusankha. Sindikuti ndi mmene zinamuchitikira mayiyu. Ndikuti ndimeyo yasiya khomo lotsegula, ndipo wofufuza wabwino sathamangira kulitseka.

Tsopano pa mutu wako weniweniwo. Umboni woti akazi ankachepetsedwa ulipo ndipo usaubise. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda wa nthawi imeneyo, analemba kuti umboni wa mkazi usamalandiridwe pa mlandu, ndipo mu Mishnah, buku la malamulo a Chiyuda, muli mawu oti ana aakazi a Asamariya ndi odetsedwa kuyambira ali makanda. Koma Mishnah inasonkhanitsidwa cha m'ma 200, patapita zaka zoposa 150 chichitikire zomwe Yohane akusimba, ndipo ndi maganizo a aphunzitsi a chilamulo onena mmene zinthu ziyenera kukhalira, osati kalilole wa moyo wa m'midzi ya ku Galileya kapena ku Samariya. Ukaika pambali pake makalata a akazi enieni, chithunzi chimasintha. M'chaka cha 1961 katswiri wofukula zakale Yigael Yadin anapeza, m'phanga la kufupi ndi Nyanja Yakufa, mtolo wa makalata 35 a mayi wachiyuda dzina lake Babatha, omwe omalizira ake ndi a m'chaka cha 132. Mayiyu anali ndi minda ya kanjedza yolembetsedwa m'dzina lake, anakwatiwa kawiri, anakongoza mwamuna wake wachiwiri ndalama, ndipo anasumira kwa bwanamkubwa wa Chiroma anthu omwe anaikidwa kuyang'anira chuma cha mwana wake wamasiye. Zaka zoposa mazana asanu m'mbuyo mwake, pakati pa Ayuda a ku Elephantine ku Igupto, mkazi ankatha kukhala ndi nyumba yakeyake ndiponso kuthetsa ukwati. Salome Alexandra analamulira Yudeya ngati mfumukazi kuyambira 76 mpaka 67 Khristu asanabadwe, ndipo ku Smyrna kunapezeka mwala wa pamanda wotchula mayi wina, Rufina, kuti mkulu wa sunagoge.

Mbali ya Akhristu oyamba nayo siyoyera mbee monga mutu wako ukufunira. Pa Aroma 16 Paulo akutchula Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, Priska yemwe mpingo unkasonkhana m'nyumba mwake pamodzi ndi Akula, ndi Yuniya wodziwika pakati pa atumwi. Cha m'ma 112 Pliny, bwanamkubwa wa Bithynia, analembera Trajan, mfumu ya Aroma, kuti anazunza akapolo awiri aakazi omwe Akhristu ankawatcha atumiki, pofuna kudziwa zochitika m'misonkhano yawo. Koma m'Chipangano Chatsopano chomwecho muli 1 Akorinto 14:34 ndi 1 Timoteo 2:12, zoletsa akazi kulankhula ndi kuphunzitsa. Ukumbukirenso kuti Mariya wa ku Magadala, Yohana ndi Suzana, omwe Luka 8 akuti ankathandiza Yesu ndi chuma chawo, anali akazi achiyuda, ndipo ufulu woyenda ndi kugwiritsa ntchito chumacho anali nawo kale asanakumane naye.

Uphungu wanga ndi woti usinthe mutuwo ukhale funso lomwe ungathe kuliyankha m'masamba omwe wapatsidwa, monga lakuti: kodi Yohane 4 akutiuza chiyani za mayiyu, nanga ndi ziti zomwe omasulira anawonjezera pambuyo pake? Pa gwero lililonse ulembe chaka chake, yemwe analemba, ndi omwe ankawalembera. Ufufuzenso zolemba za bungwe la Circle of Concerned African Women Theologians, lomwe Mercy Amba Oduyoye anayambitsa ku Accra mu 1989, ndipo Mmalawi mnzathu Isabel Apawo Phiri anakhalapo mtsogoleri wake. Kumeneko udzaona momwe akazi a kuno kwathu awerengera ndime zoterezi.

Kwa inu mayi, funso lanu ndi loyenera ndipo sindikunamizani: digiri ya zaumulungu payokha siitsegula makomo ambiri, ndipo si mipingo yonse yomwe imadzoza akazi, kotero mwana wanu afunse msanga malamulo a mpingo wake ngati maso ake ali pa ubusa. Njira yodalirika kwambiri ndi uphunzitsi, popeza Bible Knowledge imalembedwa pa mayeso a MSCE, koma pamafunika kuti akhalenso ndi pepala la uphunzitsi, ndipo ndi bwino atakhala ndi phunziro lachiwiri monga mbiri yakale kapena Chingerezi. Mabungwe a mipingo ogwira ntchito zachitukuko ndi zoteteza amayi ndi ana amafunanso anthu odziwa kufufuza ndi kulemba lipoti lomveka, ndipo kafukufuku wolembedwa bwino ndi chinthu chomwe angathe kuonetsa pofunsira ntchito. Ngati pasukulu pake akuphunzitsa Chigiriki kapena Chiheberi, mulimbikitseni kuti asathawe phunzirolo ngakhale likuvuta, chifukwa omasulira Baibulo m'zilankhulo zathu ndiponso sukulu zopereka digiri yachiwiri amayamba kufunsa za zimenezo.