Achemwali, za gemu imene mwana akupemphayo

Eee, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, ndangoti ndiyankhe ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwati mnyamata wathu wakukakamirani kuti mumulole kusewera RuneScape pa foni, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi yauleredi, komanso kuti anthu amene azicheza nawo mmenemo ndi ndani. Ine gemu imeneyi ndaisewera kwa zaka, ndiye ndikuuzani mmene ndikuidziwira.

Si gemu yachilendo ayi. Inayamba mu 2001, anaipanga ndi a kampani ya Jagex ya ku Cambridge, ku England. Imene iye akunenayo, ya pa foni, ndi Old School RuneScape. Imeneyo anaitulutsa mu 2013 potengera mmene gemuyo inalili mu 2007, kenako mu 2018 inabwera pa mafoni. Zithunzi zake n'zachikale ndithu, mukaona mudabwa kuti ana akulimbirana chiyani. Koma n'chifukwa chakenso imayenda pa foni wamba, ndipo kwa ine siidya bandulo ngati mmene amadyera mavidiyo.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Munthu umapanga kamunthu kako, umakapatsa dzina, n'kulowa m'dziko lopeka lokhala ndi mizinda, nkhalango, migodi ndi zilombo. Dzikolo sulikhala wekha. Anthu enanso enieni, ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ali momwemo nthawi yomweyo, mpaka 2,000 pa seva imodzi, ndiye kuti kompyuta imene imasunga dzikolo. Ukazimitsa foni dzikolo siliima, anzako amapitiriza.

Ndimakumbukirabe tsiku langa loyamba. Umayambira pa kachilumba kophunzirira, kenako amakuponya m'tauni yotchedwa Lumbridge uli ndi kalupanga, kankhwangwa ndi tizida tina tochepa basi. Ntchito yoyamba imene ambiri amagwira ndi yothandiza wophika wa kunyumba yachifumu amene wasowa dzira, mkaka ndi ufa. Ndiye umayenda wekha kukafuna khola la nkhuku, kukakama ng'ombe, kukathyola tirigu n'kukagaya. Palibe amene amakugwira dzanja. Ine ndinazungulira pafupifupi ola lathunthu ndisanapeze chigayo, mpaka munthu wina wosamudziwa anandilembera kuti "nditsate", n'kundiperekeza mpaka pakhomo pake. Mpaka lero ndikaona wongoyamba kumene akuzungulirazungulira, ndimaima n'kumuthandiza.

Ndipo si nkhondo yokhayokha ayi, achemwali. Mbali yaulere ili ndi maluso 15: kuwedza, kuphika, kudula mitengo, kukumba miyala, kusula zitsulo, ndi ena omenyera nkhondo. Ukafuna lupanga la bronze umakakumba kopa ndi tini, umasungunula pamodzi, n'kukasula. Zimene wapangazo ukhoza kukagulitsa pa msika waukulu wa mumzinda wa Varrock, wotchedwa Grand Exchange, pomwe mitengo imakwera ndi kutsika malinga ndi mmene anthu akugulira. Mwana amaphunzirapo kusunga, kudikira, ndi kuwerengera phindu. Chingerezinso amawerenga chambiri, chifukwa nkhani zonse mmenemo n'zolemba.

Za matsenga zimene mwatchula zija, ndamvetsa nkhawa yanu. Alimodi, pamodzi ndi zinjoka ndi ziwanda zopeka. Koma mmene zimachitikira, umangokhala ndi timiyala m'chikwama, umadina batani, kamphepo kamatuluka n'kukagunda chilombo, nambala n'kuoneka pamutu pake. Ndi masamu basi. Komabe mwana ndi wanu, mukhale naye pansi muone nokha, musangodalira mawu anga.

Tsopano za ulere. Ndi yauleredi, kutsegula akaunti salipira, ndipo akhoza kusewera miyezi osatulutsa kalikonse. Koma mbali yaikulu ya dzikolo ndi yotseka, amalowamo ndi olipira pamwezi okha, amene amawatcha ma member. Ndiye tsiku lina adzafika pa geti, gemu idzamuuza kuti kuno n'kwa ma member, ndipo adzabwera kwa inu. Zimenezo muyembekezere. Magemu ambiri a mtundu umenewu amapezera ndalama pamenepo. World of Warcraft imakulola kusewera ulere mpaka levulo 20 yokha. Albion Online inakhala yaulere mu 2019, koma olipira amakwera msanga kuposa anzawo. Chimene ndingakupempheni n'chakuti khadi lanu la kubanki musalisunge m'foni imene akuseweretsayo. Akafuna umembala, mukambirane kaye, mulipire nokha.

Koma kunena zoona, ndalama si zimene zimandidetsa nkhawa. Ndi nthawi. Gemu imeneyi ilibe mathero. Luso lililonse limafika pa levulo 99, ndipo kuti ufike pamenepo pamafunika mapointi opitirira 13 miliyoni. Mvetserani apa: ukafika pa 92 ndiye kuti wangoyenda theka la ulendo. Poyamba umakwera levulo mphindi zochepa zilizonse, mtima umasangalala, kenako zimayamba kutenga masiku, koma iwe unazolowera kale. Umati ndidule mitengo pang'ono ndigone, ukamadzutsa mutu usiku wapita. Ine zinandichitikira ndili wamkulu kale, ndiye kuli bwanji mwana wa zaka 14 amene ali ndi mayeso kutsogolo? Mugwirizane maola asanayambe, osati atalowerera kale. Ndipo foni isamagone naye kuchipinda. Chinanso, mukafuna kuti asiye, muzimuchenjeza kukadali mphindi khumi, chifukwa gemu ya pa intaneti siimitsidwa. Akaisiya pakati pa nkhondo amafa n'kutaya katundu, ndiye mkangano umayambira pamenepo.

Za anthu aja. Ambiri ndi abwinobwino, ena ndi akuluakulu amene anayamba kusewera ali ana. Koma akuba aliponso. Kumpoto kwa mapu kuli dera lotchedwa Wilderness, kumene osewera amaloledwa kuphana, ndipo wopha amatola katundu wa mnzakeyo. Ine wina anacheza nane bwinobwino masiku atatu, kenako anati tiye ndikakuonetse malo abwino okumba. Nditangolowa mkati, anzake awiri anatulukira. Zovala zankhondo zimene ndinavutikira milungu iwiri zinapita, ndinatsala ndi zinthu zitatu zokha. Zinandiwawa kwambiri, osati katunduyo, koma kuti ndinamukhulupirira.

Ndiye mwanayo mumuuze momveka bwino: dzina lake lenileni, sukulu yake, nambala ya foni, chithunzi, asapatse munthu. Wina akamuuza kuti tiye tikachezere ku WhatsApp kapena ku Discord, ayambe wakuuzani. Pasiwedi asauze ngakhale mnzake wa m'kalasi, ndipo uthenga womulonjeza golide waulere, ndalama za mu gemu, akadina linki ndi msampha. Mkati mwa gemumo muli potchera kuti mauthenga achinsinsi azilandira kwa anzake okha amene wawasankha, ndipo banki ya mu gemu, yosungiramo katundu wake, imakhala ndi PIN ya manambala anayi. Zonsezi n'zotchera mphindi zochepa.

Maganizo anga ndi akuti mumulole. Mwanayu ndimamudziwa, amakonda kufufuza zinthu, ndipo mukamukaniza adzakasewera mobisa pa foni ya mnzake, kumene inu simudzaona kalikonse. Akaunti titsegule ndi imelo yanu, osati yake. Loweruka masana ndidzaimba, mudzamupatse foniyo, ndidzamutsogolera potchera zonse zija. Akamaliza kachilumba kophunzirira adzandipeza ndikumudikira pa mlatho wa ku Lumbridge, ndili ndi nkhwangwa ndi ukonde zoti ndimupatse. Alamu muwapatse moni.