Nkhani ya Peterson musamaidule pakati

Achimwene, zanuzi zomwe mwalemba, zoti akulu anu anakudyerani ndalama zomwe munkatumiza ndipo amalume anu aitanitsa zokambirana, ndawerengera mu minibasi mpaka ndapitirira siteji yanga. Ndipo inu enanu amene mwaponya chithunzi cha Pete Peterson m'makomenti n'kumati mnzathuyu apite akagwirane chanza ndi akulu ake amene anamudyera ndalama, poti mzungu uja anakhululukira omwe anamutsekera, chonde nkhani imeneyi musamaidule pakati. Ine ndinaiwerenga usiku wambiri tulo titakana.

Peterson analowa usilikali wa ndege ku America mu 1954. Pa 10 Sepitembala 1966, pa nkhondo ya ku Vietnam, ndege yake ya F-4 Phantom anaiwombera kumpoto kwa Vietnam. Anatsika ndi parachuti pafupi ndi mudzi wa An Doai atathyoka mkono ndi mwendo, anthu a m'mudzimo n'kumugwira. Anatuluka m'ndende mu Marichi 1973. Zaka 6 ndi theka zimenezo! Ankamusamutsa ndende iyi, ndende iyo, kuphatikizapo ya Hoa Lo imene akaidi ankaitcha Hanoi Hilton, akuzunzidwa. Kunyumba anasiya mkazi woyembekezera, mwana anabadwa, kukwawa, kuthamanga, osaona nkhope ya bambo ake.

Ine ndende sindinalowe, koma zanga ndi izi. Ndinakhala ku Congo pa ntchito ya usilikali chaka chathunthu, amene munapitako mukudziwa tulo tathu ta mu nsapato. Alawansi yonse ndinkatumiza kwa akulu anga, bere limodzi, kuti azindimangira nyumba. Pa WhatsApp zithunzi zinkabwera bwinobwino: lero tafika pa windo, lero tathira lintala, tumizani za malata. Ndinkaonetsa anzanga mu tenti, ena mpaka kumandisirira.

Nditabwera sindinauze munthu tsiku. Ndinachita hayala galimoto, n'kukweza zitseko zitatu zomwe ndinagula m'tauni, mayi a kunyumba kutsogolo, ana kumbuyo akuimba. Kufika pa puloti paja, abale anga, fawundeshoni yokha. Udzu wofika m'chiuno, mbuzi ya eni ake itamangidwa pa chikhomo, njerwa zosawotcha zitasungunuka ndi mvula n'kusanduka chulu. Nyumba ya pa zithunzi ija inali pomwepo ndithu, kutsidya kwa msewu, ya munthu wina, makatani ali m'mawindo. Dalaivala anangozimitsa injini osanena kanthu. Mayi a kunyumba anatsika n'kukhala pansi pa dothi, osalira, kumangothothola udzu umodziumodzi. Kenako mwana wanga wamkazi, wa zaka 7 nthawi imeneyo, akuti, "Adadi, chipinda changa ndi chiti?" Ine amene ndinamva zipolopolo zikulira pamwamba pa mutu osanjenjemera, tsiku limenelo miyendo inandikana.

Madzulo akulu anga anatulukira pa njinga yamoto yatsopano, mipando ikadali m'pulasitiki. Akuti simenti inakwera. Simenti! Munthu wopanda manyazi, woti sukulu ya ana ake ndinkalipira ndine. Chimene chimandiwawa mpaka lero si iwowo ayi, ndi abale amene ankadziwa zonse n'kumadya nawo, kenako n'kumandiuza kuti magazi ndi magazi, usatichititse manyazi pamudzi.

Tsono tibwerere kwa Peterson wanuyo. Sanatuluke m'ndende lero, mawa n'kukamwa tiyi ndi omugwira. Anapitiriza usilikali mpaka 1980, anapuma ali Colonel, ndi mamendulo monga Silver Star ndi Purple Heart. Anachita bizinesi, kenako anthu a ku Florida anamusankha kukhala phungu wawo ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, kuyambira 1991 mpaka 1997. Mkazi wake uja anamwalira ndi khansa. Mu 1997 ndi pamene Pulezidenti Bill Clinton anamutumiza ku Hanoi, likulu la Vietnam, ngati kazembe woyamba wa America chithereni nkhondo. Werengani nokha, kuchoka 1973 kufika 1997 ndi zaka 24. Komanso sanapite ngati wopempha mtendere atagwada. Anapita ndi udindo, ali ndi ntchito m'manja: kufufuza mafupa a asilikali osowa, ndi kukonza pangano la malonda lomwe linasainidwa mu Julayi 2000.

N'zoona anabwerera ku An Doai n'kukhala pansi ndi amuna amene anamugwira aja, ndipo pamenepo ndimamuvulira chipewa. Mu 1998 anakwatira Vi Le, mayi wobadwira ku Vietnam koma nzika ya Australia, ukwati wake mu Hanoi momwemo. Atasiya ukazembe mu 2001 anadzipereka pa ntchito yoteteza ana a ku Asia ku ngozi, makamaka kumira m'madzi. Koma taganizani. Anthu a m'mudzi uja sanamulonjezepo kanthu. Iyeyo ndi amene anabwera usiku kudzaponya mabomba kwawo, ndipo ankadziwa zimenezo. Mdani wa kunkhondo umadziwa mbali yomwe waima. Wanga ine tinkafunda bulangete limodzi tili ana. Musandifanizire ziwirizi.

Komabe achimwene, ku zokambirana zomwe amalume anu aitanitsazo pitani. Musadikire zaka 24, makolo athu sakhala nthawi yonseyo. Sindikizani mauthenga onse a ndalama zomwe munatumiza, tengani munthu wapadera wosakhala wachibale, zogwirizana zilembedwe pamaso pa amfumu. Mukaona mtima ukukwera tulukani panja, musagwire munthu, mungataye penshoni chifukwa cha mbama imodzi. Akapepesa landirani, ngakhale ndalama isabwere yonse.

Ineyo pakhomo pa akulu anga sindinapondepo, chaka chino n'chachisanu. Atadwala mwezi wa Juni ndinatumiza ndalama ya mankhwala kudzera kwa achemwali, ndinawauza kuti asatchule dzina langa. Zitseko zitatu zija zikadali kuseri kwa nyumba ya lendi, chimodzi chiswe chayamba kudya.