Kunjenjemera kwa maatomu ndi kuwala kwa ufa wa Cs3Cu2I5

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene ufa woyera wa Cs3Cu2I5 umawalira mobiriwira ngati thambo ukaunikidwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, komanso mwadabwa kuti nkhani ya kunjenjemera kwa maatomu ikuloweramo bwanji. Ine ndikuona kuti mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi.

Ufawu ndi umodzi mwa michere yopangidwa ndi chitsulo monga mtovu kapena mkuwa pamodzi ndi klorini, bromini kapena ayodini. M'michere ina, monga CsPbBr3, timagulu ta maatomu timalumikizana mbali zonse, ndipo elekitironi, kanthu kakang'ono ka m'atomu konyamula mphamvu ya magetsi, imayenda momasuka, choncho kuwala kotuluka kumakhala kwa mtundu umodzi wobiriwira ngati msipu, pafupi ndi 520 nm (nm ndi muyeso wa utali wa funde la kuwala). Koma pali ina imene timaguluti tinayalana ngati mapepala, ina ngati unyolo, ndipo mu Cs3Cu2I5 kagulu kalikonse ka mkuwa ndi ayodini kali pakokha, kotchingidwa ndi maatomu a chitsulo chotchedwa cesium.

Kuwala kwa UV kukalowa, kumakankha elekitironi kuchoka pamalo pake, ndipo elekitironiyo imakokanabe ndi mpata umene yasiya. Awiriwa pamodzi amatchedwa exciton. Tsono chimango cha maatomu a michere imeneyi n'chofewa kwambiri poyerekeza ndi cha silikoni, moti exciton ikangobadwa, maatomu oizungulira amasuntha n'kupindika. Taganizirani munthu amene waima m'thope la kudambo: palibe amene anamukumbira dzenje, koma kulemera kwake komwe kwatitimiza phazi, ndipo tsopano sangachoke msanga. Umu ndi mmene exciton imadzikolera yokha. Lev Landau anafotokoza ganizo lakuti elekitironi ingathe kudzikola chotere kale mu 1933, ndipo pamene malo oyendamo achepa, kudzikolaku kumachitika mosavuta.

Apa ndiye pagona yankho la mtundu wa kuwala. Ufawu umayamwa kuwala kwa pafupifupi 290 nm koma umatulutsa kwa pafupifupi 445 nm. Popeza funde lalitali limanyamula mphamvu yochepa, izi zikutanthauza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuyo lathera posuntha maatomu ndi kuwanjenjemeretsa. Kunjenjemera kumeneku akatswiri amakuwerenga m'timagawo totchedwa phonon. Popeza exciton ina imasiya timagawo tambiri ndipo ina tocheperapo, kuwala kotuluka sikukhala kwa utali umodzi, koma kumamwazika. Kukula kwa mgwirizano wa elekitironi ndi kunjenjemeraku kumayezedwa ndi nambala yotchedwa Huang-Rhys, kuchokera ku ntchito ya Huang Kun ndi Avril Rhys ya mu 1950. Ngati mukufuna kudzionera nokha, dziwani kuti tochi wamba yoyezera ndalama zachinyengo, ya 365 kapena 395 nm, siidzauwalitsa bwino ufawu; pamafunika nyali ya UV yaifupi, monga ya 254 nm, ndipo maso ndi khungu muziteteze.

Kumwazikaku kukafika patali kumabala kuwala koyera kuchokera ku chinthu chimodzi chokha. Gulu la Hemamala Karunadasa ku Stanford linaonetsa zimenezi mu 2014 pogwiritsa ntchito michere ya mtovu ndi bromini yoyalana ngati mapepala, ndipo mu 2018 gulu la Jiang Tang ku Wuhan linapeza kuwala koyera kosalasa m'maso mu Cs2AgInCl6 yosakanizidwa ndi sodiyamu ndi bismuth pang'ono, mmene timagawo ta kuwala 86 tinkatuluka pa 100 tilitonse toyamwidwa.

Chimene ndikupemphani kuti musachiphonye n'chakuti kunjenjemera komweku kumathanso kuzimitsa kuwala. Kukatentha, maatomu amanjenjemera mwamphamvu, ndipo exciton yokodwa ija imapeza njira yotayira mphamvu yake yonse ngati kutentha popanda kuwala. N'chifukwa chake ofufuza amaziziritsa chinthucho ndi nayitrojeni wamadzi mpaka 77 K, kapena kuti pafupifupi -196 °C, n'kumachitenthetsa pang'onopang'ono akuyeza mmene kuwala kukucheperachepera ndi kumwazika. Kenako amayerekeza zotsatirazo ndi muyeso wa Raman, umene umaonetsa mwachindunji liwiro la kunjenjemera kwa maatomu. Miyeso iwiriyi ikapanda kugwirizana, ine sindifulumira kunena kuti exciton yadzikola yokha, chifukwa zilema za m'chimango ndi zodetsa zolowerera popanga ufawo nazonso zimatulutsa kuwala komwazika kofanana kwambiri ndi kumeneku.